Chitupa cha Obadiah, Mtima wa Kaitano

Lachitatu masana mulokeshoni ya St Mary's, a Kaitano anali pakhonde akukunga ng'oma yawo yaikulu ya beni pamene akazi awo, mayi Ketty, analowa pageti ndi pepala lochokera kukiliniki. Madala ameneyu anali atachira kolona miyezi iwiri yapitayo, koma chichirireni mapazi ankatupa ngati mabanzi, mpweya n'kumawathera pongoyenda kupita kuchimbudzi; ndipo chipatala ankachiopa koopsa, chifukwa mnzawo woimba naye ng'oma, bambo ake Vongai, analowamo ndi miyendo yawo n'kutulukamo m'bokosi.

Tsono mayi Ketty ndi mlembi wa amayi kutchalitchi. Kwa iwo chinthu chikalembedwa papepala ndiye kuti chatha. Mutawalembera kuti mbuzi ndi nkhuku, akhoza kukhala pakhola tsiku lonse kudikira mazira.

"Bambo ake Pardon, khalani bwino. Sisita Anastasia andipatsa mafunso."

"Mafunso a chiyani? Ine sukulu ndinaisiya kalekale."

"Akuti kolona akamachoka, mwa anthu ena achikulire amasiya atawononga mtima. Ndiye alemba zinthu apa. Amene anadwala kolona, akachongedwa katatu, mawa m'mawa apite akamuyeze mtima."

"Mawa? Loweruka kuli beni ku Huruyadzo. Akandigoneka kumeneko, ng'oma iyi aimba ndani? Inu?"

"Papepala palibe za ng'oma." Mayi Ketty anakhala pansi, natambalala, n'kunyambita pensulo. "Loyamba. Kodi ndinu mwamuna?"

A Kaitano anasiya chingwe cha ng'oma. "Zaka makumi asanu tili nyumba imodzi, ana asanu ndi mmodzi, mukufunsa lero?"

"Ndi funso lolembedwa. Yankhani."

"Mwamuna! Weniweni! Mulembe ndi zilembo zikuluzikulu."

"Ndachonga. Akuti amuna ndiwo amapwetekeka mtima kawirikawiri. Kwatsala kuwiri."

"Aaa! Bwanji simunanene kuti ndi msampha?"

"Lachiwiri. Kodi zaka zanu zapitirira sikisite?"

Apa a Kaitano anamwetulira. Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa chitupa chawo chachitsulo, n'kuchiika pang'oma ngati munthu amene waponya khadi lomaliza. "Werengani nokha, amake Pardon."

"Obadiah Kamwendo. Wobadwa pa 1 Januwale, 1964."

"Ndiye zaka zingati?"

Mayi Ketty anawerenga zala. "Fifite eyiti."

"Hezvo, ndi zimenezo! Mnyamata."

Nkhani ya chitupachi ndi iyi. A Kaitano anabadwira ku Dedza, n'kubwera m'dziko lino la eni ali kumsana kwa amayi awo, opanda pepala ngakhale limodzi. Mng'ono wawo Obadiah ndiye anabadwira pafamu ya fodya cha ku Mvurwi, napeza chitupa. Obadiah atamwalira mu 1985 n'kuikidwa kuseri kwa mabani oumitsira fodya, palibe amene anakanena kuboma. A Kaitano anangotenga chitupacho, poti mphuno inali imodzi, n'kubwera nacho kutauni kudzafuna ntchito. Chiyambire pamenepo boma limadziwa Obadiah, pamene akazi awo ndi anzawo a beni amadziwa Kaitano.

"Koma apongozi ankanena kuti inu munabadwa chaka cha njala ya fote naini."

"Amayi anga analemba papepala?"

"Ayi."

"Basi."

"Ndiye kuti Pardon munamubereka muli ndi zaka naini."

"Ndinali mwana wochangamuka."

Mayi Ketty anagwedeza mutu kuvomereza, nasiya mpatawo wosachonga. "Lachitatu. Kodi muli ndi bipi, kuthamanga kwa magazi?"

"Ndilibe."

"Nanga mapiritsi amene ndimakumwetsani m'mawa uliwonse?"

"Khadi la mapiritsiwo lili ndi dzina la ndani?"

"Kaitano Kamwendo. Tsiku lija munakomoka pamashopu a Chikwanha ndinawauza dzina limene ndimalidziwa."

"Ndiye bipi ndi ya Kaitano. Musamunamizire Obadiah, mhani. Mwana wa eni ake uja sanakomokepo."

Mayi Ketty anayang'ana khadi, nayang'ana chitupa, kenako anajambula mzere pakati pa pepala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kumanzere analemba Kaitano, kumanja Obadiah, ndipo onse awiri anawachonga kuti ndi amuna, bipi n'kuichonga kwa Kaitano.

"Ndiye zaka ndichonge kwa Kaitano?"

"Chongani. Ameneyo ndi nkhalamba, sitikana."

"Shuga?"

"Khadi lomwelo. Kaitano."

"Impso?"

"Tonse awiri zathu zili bwino."

"Kusuta fodya?"

"Kaitano. Obadiah anali munthu wamapemphero, fodya ankangomuthyola m'munda."

"Kunenepa kwambiri?"

A Kaitano anabweza mimba mkati. "Palibe aliyense."

Mayi Ketty anawerenga mosamala, milomo ikuyenda. "Obadiah wachongedwa kamodzi. Kaitano kasanu. Mawa Kaitano apite."

"Dikirani kaye. Pamwambapo palembedwa kuti pepalalo ndi la anthu ati?"

"Amene anadwala kolona."

"Katengeni pepala la kolona m'Baibulo mwanu muja."

Mayi Ketty anakalitenga. Tsiku loyezalo anthu a m'tenti anafunsa chitupa, choncho dzina linali la pachitupacho.

"Obadiah Kamwendo," anawerenga motero.

"Mwaona? Kaitano ali ndi bipi, shuga, ukalamba, zonse, koma kolona sanamudwalepo. Obadiah anadwala kolona, koma ndi mnyamata wosasuta. Apite ndani? Palibe!"

Anamenya ng'oma katatu ndi chikhatho chifukwa cha chimwemwe, ndipo chifuwa chinawalira ngati ketulo. Anayang'ana kumbali kuti akazi awo asaone. Mumtima ankadzitama kuti nzeru zotere akanaphunzira sukulu bwenzi ali loya.

"Shuwa," anatero mayi Ketty. "Mapepala sanama."

Anapinda pepalalo n'kulowa m'nyumba. A Kaitano anamva kabati ikutsekulidwa. Posakhalitsa mayiyo anatuluka atanyamula bulangete ndi mkeka, naziika pakhonde, n'kugwada chapatali, akuomba m'manja mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Alamu ake ati?"

"Inu. Si ndinu a Obadiah? Mugona pabalaza. Mlamu salowa kuchipinda kwa mkulu wake."

"Inu amake Pardon, mwayamba misala?"

"Ndangotsata chitupa." Anatambasula dzanja n'kutola kachikwama ka fodya pawindo.

"Siyani fodya wanga!"

"Ndi wa Kaitano. Obadiah ndi munthu wamapemphero."

A Kaitano anangoona fodya wawo akupita. Koma mutu wawo unagwira ntchito msanga. "Chabwino. Poti ndine Obadiah ndipo ndilibe shuga, tiyi wanga muthire masupuni anayi. Ndi buledi wa jamu."

"Ndithira. Mlendo sitimumana." Mayi Ketty anaimirira n'kugwira ng'oma, nayamba kuikunkhuniza kulowa nayo m'nyumba.

"Iii! Ng'oma mukupita nayo kuti?"

"Kukasungira mwini wake. M'buku la beni analemba Kaitano. Obadiah ng'oma sankaidziwa, ngakhale kuomba m'manja kutchalitchi ankaphonya."

"Bwezani! Ndine Kaitano!"

"Ndiye kasanu."

"Kasanu, koma wopanda kolona!"

Mayi Ketty anaima chilili, ng'oma ili pakati pa miyendo. Nkhope yawo inayamba kusintha pang'onopang'ono.

"Kaitano sanadwale kolona?"

"Ngakhale chimfine."

"Ndiye munthu uja anagona pabedi langa masabata atatu, ndikumufukiza nthunzi ya masamba a zumbani, anali ndani?"

"Pepala lanena kale. Obadiah."

"Amene ndinkamusambitsa m'bafa? Wopanda chovala ngakhale chimodzi?"

"Aaa, zimenezo ndi zina."

"Maiwe!" Mayi Ketty anaika manja kumutu. "Ndinasambitsa alamu anga! Ine mlembi wa amayi! Ndinawapaka Vikisi pachifuwa ndi manja anga awa!"

"Tsitsani mawu, aneba akumva!"

"Ndipo nthawi yonseyo amuna anga anali kuti?"

"Ndinali pomwepo!"

"Mukuonerera?"

"Ayi! Ndikutanthauza kuti... iyayi, mukundisokoneza!"

"Komanso Obadiah tinamuika mu 1985. Ine ndinaphika nawo pamaliro. Ndiye kuti ndinasambitsa mlamu, mlamu wakenso womwalira." Anamanga chitenje mwamphamvu n'kukonza duku. "Ili ndi tchimo loposa msinkhu wanga. Ndikupita kwa abusa. Mawa Lachinayi ndikaulula pamaso pa amayi onse, ndipo ndikalemba ndekha m'maminitsi."

A Kaitano anaona St Mary's yense akudziwa za chitupa, kuyambira kutchalitchi mpaka kwa oitanira makombi, maminibasi aja. Anaona anzawo a beni akuwafunsa ngati lero kwabwera mkulu kapena mng'ono. Anadzambatuka pampando.

"Bwererani! Amake Pardon! Ndati bwererani!"

Kuchokera pakhonde kufika pageti la nyumba imeneyi ndi mapazi khumi basi. A Kaitano anayenda asanu ndi awiri. Pa lachisanu ndi chitatu dziko linapendekeka, iwo n'kugwira chitsulo cha geti ndi dzanja limodzi, linalo lili pachifuwa. Anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma mpweya unakana kubwera. Thukuta linayenderera mpaka m'khosi, ndipo apa anachita mantha enieni.

Mayi Ketty anabwerera, nawakhazika pa njerwa zimene zinali pafupi ndi geti. Anawamasula mabatani a malaya n'kuika khutu pachifuwa, nakhala choncho mpaka kupuma kutayamba kubwerera.

"Ukugunda ngati ng'oma yoimba munthu woledzera," anatero. Kenako anatulutsa pepala lija m'chitenje, nalifunyulula. "Pansi pano pali funso lomaliza. Kubanika, kutupa mapazi, mtima kudumphadumpha. Ndichonge mbali iti?"

A Kaitano anayang'ana mzere wapakati pa pepala uja. Anayang'ananso nkhope ya akazi awo kuti aone ngati akuwaseka, koma zaka makumi asanu zonsezi sanathepo kudziwa ngati mayiyu ndi wopusa kapena wochenjera kuposa iwo.

"Ketty," anatero chapansipansi. Dzina limeneli anali asanalitchule chibadwire Pardon. "Ine ndikuopa. Bambo ake Vongai analowa pakhomo la chipatala lija akuseka. Anandiuza kuti ndiwasungire timitengo tawo toimbira. Tili m'nyumbamu mpaka lero."

"Bambo ake Vongai anadikira mpaka milomo itada. Sisita akuti wobwera msanga amamupatsa mankhwala, ambiri n'kubwerera kwawo."

"Analemba zimenezo?"

"Ayi. Anangonena."

"Ndiye inu mwakhulupirira bwanji zosalembedwa?"

"Chifukwa ndikufuna mukhalepo." Mayi Ketty anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, nanyambitanso pensulo. "Ndichonge mbali iti?"

"Chongani pamzere penipenipo."

Anachonga pamzere penipenipo, mosamala, kuti pasapendekere kwa wina.

"Nanga abusa?" anafunsa a Kaitano.

"Ngati munthu wa m'bafa uja anali mwini mtima uwu, palibe choulula."

"Anali yemweyo."

"Ndiye mawa akwera kombi ndani? Sisita akafunsa dzina ndinene liti?"

A Kaitano anapuma kawiri, natambasula dzanja kuti awadzutse.

"Tengani makadi onse, tipita tonse. Koma tikafika pakhomo lija, atsogole Obadiah. Ameneyo anafa kale, alibe choopa."