Mayi Amene Analera Amalume a Pakhoma

Abusa, akuluakulu a mpingo, akuchimuna ndi akuchikazi, anansi, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe: banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya mayi athu amene agona apawa. Koma musanamve tsiku limene anabadwa, imvani kaye mawu amene ananena pa depoti ya basi pa 12 Seputembala 1986, chifukwa theka la mbiriyi laima pa mawu amenewo. Tsikulo ankaperekeza mlongo wawo wamng'ono, amene ankapita kunja kukaphunzira. Mnyamatayo anawasiyira chitini cha penti, muli kaduwa koyanga ka masamba awiri okha, nawapempha kuti asakadule ngakhale nsonga mpaka iye atabwera. Ankati akupita kwa zaka zitatu basi. Malemu anayankha kuti, "Pita bwino. Mpeni sudzakakhudza mpaka ubwere." Mnyamata uja ndi nkhalamba imene ikukuwerengeraniyi, ndipo yafika dzana.

Malemu anabadwa pa 4 Febuluwale 1955, woyamba m'banja la ana anayi. Bambo awo anali kalaliki pa siteshoni ya sitima, mayi awo ankasoka pakhonde. Anayamba sukulu m'chaka cha 1962, ndipo anali anzeru moti aphunzitsi akatuluka ankawasiyira choko. M'chaka cha 1972, ali ku sekondale, mayi awo anamwalira. Kuyambira pamenepo anali mwana wa sukulu m'mawa, mayi wa ana atatu madzulo. Atamaliza sekondale anaitanidwa ku koleji, koma sanapite. Anati m'nyumba imodzi simungachoke anthu onse, wina ayenera kutsala kuti adziwe pamene pali machesi.

Mu Januwale 1975 anayamba ntchito ku positi ofesi, m'chipinda cholumikizira mafoni. Achinyamata simungachidziwe chipinda chimenecho. Munthu ukafuna kulankhula ndi mnzako unkayamba wapempha mayi awa, iwo n'kutenga chingwe, kuchilowetsa pabowo lake, mawu anu n'kukumana. Ankamva zonse: amene akufunsira, amene akuthawa ngongole, amene akuuza mkazi wake kuti ali ku msonkhano. Palibe n'kamodzi komwe anabweretsa nkhani ya pa waya kunyumba. Dzulo ndinapita kukaona nyumba imeneyo. Pamene panali mpando wawo pano akugulitsa zikuto za mafoni, ndipo mnyamata wogulitsayo anandifunsa ngati ndasochera. Ndinamuuza kuti inde.

Ku ntchito komweko ndi kumene anapezana ndi amuna awo, amene anali okonza mawotchi. Bambowa ankaimba foni tsiku lililonse kufunsa nthawi, chonsecho m'shopu mwawo munali mawotchi khoma lonse. Malemu anapirira miyezi ingapo, kenako anawauza kuti ngati mawotchi onsewo ndi abodza atseke shopu, ngati pali nkhani ina abwere ainene maso ndi maso. Anabweradi. Ukwati unadalitsidwa pa 18 Ogasiti 1979, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu: wamkazi mu 1981, wamwamuna mu 1984, ndi chitsirizira, wamkazi, mu 1988.

Tsopano tibwerere ku chitini chija. Duwalo si la kuno. Kwawo ndi m'nkhalango zamvula kutsidya kwa nyanja zazikulu, kumene limakwera mitengo kufunafuna kuwala. Mlongo wawo analipatsidwa ndi mphunzitsi wa zomera, amene anamuuza kuti likasiyidwa kuti lizikwera osadulidwa, tsamba lililonse latsopano limaposa linzake, mpaka kutalika ngati mkono wa munthu. Mnyamatayo ankafuna kudzaona ngati n'zoona. Chifukwa chake chinali chomwecho basi, chifukwa cha mwana. Koma malemu sankayeza lonjezo ndi nzeru za wopempha.

Panalibe buku lowauza kasamalidwe kake. Analiphunzira monga mmene mayi amaphunzirira khanda, polakwitsa ndi kuyang'anitsitsa. Ataliika padzuwa masamba anapsa m'mphepete, choncho analisamutsira pakona ya pabalaza, pamene kuwala kumalowa kutasefedwa ndi katani. Ataona kuti dothi la m'munda likugwira madzi ngati phala, anasakaniza makungwa ouma, makala ophwanya ndi mchenga. Analichotsa m'chitini n'kuliika mumphika, nazikamo mtengo, naukulunga ndi chiguduli chimene ankachinyowetsa, kuti timizu totuluka m'mfundo tipeze pogwira. Madzi a pampopi sankathira pomwepo. Ankagona kaye m'ndowa kuti azizire bwino ndi kutha fungo la mankhwala. Ndipo lamulo lalikulu linali la chala: kuchilowetsa m'dothi mpaka mfundo yachiwiri, chikatuluka chonyowa, ndowa ibwerere kumene yachokera. Loweruka ankapukuta tsamba lililonse ndi kansalu, kutsogolo ndi kumbuyo, akusaka tizilombo toyera ngati thonje timene ankatichotsa ndi madzi a sopo. Masambawo munawaona nonse: obiriwira moderako, ofewa ngati veleveti, mitsempha yake yowala ngati ulusi wagolide.

Amuna awo ndi amene analitcha dzina. Ankati mlamu wawo sanachoke, wangosanduka masamba, ndipo akaweruka ankalowa n'kupereka moni pakona paja, "Mwaswera bwanji alamu, lero akudyetsani?" Ana anatengera pomwepo n'kumati Amalume. Mwana akaswa kapu ankauzidwa kuti Amalume aona. Wamwamunayu akuti mpaka ali sitandade 3 ankakhulupirira kuti anzake onse ali ndi amalume a mumphika. Amalume enieni ankangowadziwa pa zithunzi za m'makalata, ataima m'chipale chofewa atavala chijasi chobwereka.

Zaka zitatu zija zinabala zinzake. Zifukwa zake si za pamaliro ano. Duwa linafika kudenga, ndipo aliyense wanzeru anati lidulidwe. Malemu anakhomera timisomali, nalitsogolera ndi timizere ta nsalu kuzungulira khoma, pamwamba pa windo, mpaka pachitseko. Wotchi yaikulu ya amuna awo inasamukira kuchipinda, mwini wake akudandaula kuti sanaonepo mlamu wolanda khoma. Anzawo a ku mpingo ankapempha kanthambi koti akabzale. Mayi amene akanakupatsani nsapato zawo iwo n'kuyenda pansi, pa ichi chokha ankakana, akuti duwali lili ndi mwini wake ndipo akubwera.

Mu Epulo 1997 banja linasamukira m'nyumba imene tachokeramo ndi maliro lero. Katundu yense anakwera lole, koma Amalume sakanakwanamo osathyoka. Anawamasula pakhoma tsiku lathunthu, nawagoneka pa makwerero awiri omangidwa pamodzi, atafunditsidwa mashiti onyowa. Amuna anayi ananyamula, malemu ali patsogolo mphika uli pamutu, kudutsa msika masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu m'njira ankavula zipewa poganiza kuti ndi wodwala. Silinagwe tsamba ndi limodzi lomwe. Msewu umene anadutsawo unali ndi mitengo mbali zonse ziwiri; lero ndaona mipanda yaitali yokhala ndi waya pamwamba, ngati aliyense anamanga ndende yake n'kudzitsekeramo yekha.

Mu 2001 makina analowa m'malo mwa manja awo ku positi ofesi, ndipo anapuma pa ntchito atatumikira zaka 26. Anayamba kusoka makatani, ntchito imene inaphunzitsa ana onse atatu mpaka ku koleji. Pa 2 Novembala 2011 amuna awo anatisiya atadwala nthawi yochepa. Ana akuti atabwerako ku manda, mayi awo analunjika kwa Amalume. Anatenga kansalu kaja n'kupukuta masamba onse, ngakhale silinali Loweruka.

Mlongo wawo, ali kunja kuja, tsiku lina analowa m'nyumba yagalasi yosungira zomera zosowa. Analipeza duwa lomweli lili kuseri kwa chingwe, pali chikwangwani cha dzina la Chilatini lalitali ngati ulaliki, ndi mlonda woletsa kukhudza. Akatswiri ovala makoti oyera ankaliyeza chinyezi ndi makina. Atawauza achemwali ake pa foni, iwo anangofunsa ngati kumeneko amalipatsa moni.

Mu Okutobala 2023 malemu anayamba kudandaula za kutopa ndi kutupa miyendo. Madokotala anapeza kuti mtima wafooka. Mu Malichi chaka chino anagonekedwa m'chipatala milungu isanu, ndipo apa mpamene chikondi chanu chinasefukira. Mwana wawo wamkulu ankadzera kunyumba m'mawa n'kuthirira Amalume. Mayi a nyumba yoyandikana, amene anali ndi kiyi, ankathirira masana. Amayi a mpingo akabwera kudzasesa madzulo, nawonso sankachoka osathira kapu imodzi, akuti mayi akatuluka asapeze duwa lawo lafota. Aliyense ankaganiza kuti ndi yekha amene wakumbukira. Za chala zija palibe anazidziwa, chifukwa kwa zaka zonsezi ndowa inali ya munthu mmodzi. Sindikunena izi kuti wina aweramitse mutu. Ndakhala zaka zambiri m'dziko limene munthu amafa m'nyumba anansi n'kudziwa pakatha mwezi. Kuno duwa la wodwala linamira chifukwa chochuluka olikumbukira.

Atatuluka m'chipatala anangolowa pakhomo n'kumva fungo. Mizu inali itaola, ndipo kuola kunali kutayamba kukwera tsinde, lakuda, lofewa ngati nthochi yakupsa. Ankadziwa bwino mankhwala ake. Duwa lotere likaola mizu, mankhwala ndi mpeni: kudula pamwamba pa chowolacho, kuligawa mfundo ndi mfundo, chidutswa chilichonse n'kuchiika m'madzi kuti chitulutse mizu yake. Ukachedwa, kuola kumafika kunsonga ndipo sipatsala chobzala. Anatsala ndi njira ziwiri: kusunga mawu awo duwa n'kufa lathunthu, kapena kulipulumutsa mawu awo n'kugwa.

Ana anaimbira amalume awo enieni, ndipo iye anawauza achemwali ake kuti adule lero lomwe, wawamasula, zinali zachibwana. Anamuyankha kuti, "Ndinati mpaka ubwere, sindinati mpaka uimbe. Ndagwira mafoni moyo wanga wonse, ndikudziwa kulemera kwa mawu a pa waya." Chimene makalata a zaka 38 analephera, chiganizo chimenecho chinachita. Mlongo wawoyo anayamba kuthamangira mapepala a ulendo. Koma maofesi ali ndi mayendedwe awo, ndipo kuola kuli ndi akenso. M'mawa uliwonse malemu ankapempha kuti awakhazike pampando pafupi ndi mphika, namanga kaulusi pamene pafika chakudacho. Mawa lake ulusi unkapezeka uli m'munsi mwa chakudacho. Masamba aakulu anayamba kuchita chikasu n'kugwa limodzilimodzi, ndipo ankawasunga pansi pa pilo. Akafunsidwa ankati mlongo wawo ali m'njira.

Pa 14 Meyi 2024, dzuwa litangotuluka, mayi athu anatisiya mwakachetechete m'nyumba mwawo, ana onse atatu ali pambali pawo. Anali ndi zaka 69. Mlongo wawo anatera pa 16.

Malemu asiya ana atatu, apongozi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo mmodzi ndi mlongo mmodzi. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira ngati mayi awo. Anzawo akale a ku positi ofesi, amene abwera ndi ndodo zawo. Mayi a nyumba yoyandikana, amene sanawerengepo maulendo. Amayi a mpingo, amene anachapa, kusesa ndi kuimba. Dalaivala amene ankawatengera ku chipatala osayang'ana wotchi. Ndi inu nonse amene mwagona pansi masiku awa. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Ife taona kuti chinansi nachonso ndi fupa. Kwa achemwali anga, amene anasiya koleji kuti ena tipite, mawu othokoza ndi ochepa ndipo afika mochedwa, komabe alandireni. Mulungu amene anatibwereka mayi awa awalandire, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.

Ana apempha kuti ndimalize ndi chilengezo chimodzi. Tikabwerako ku manda, mudzaona mabotolo khumi ndi anayi pawindo la pabalaza, lililonse muli tsamba limodzi ndi mfundo yake, ena atayamba kale kutulutsa timizu toyera. Mayi anati aliyense amene anathirira duwa lija iwo ali m'chipatala atenge botolo lake, ndipo mwana wawo wamkulu amuonetse za chala. Pa 9 Meyi, mlongo wawo asanabwere, malemu anaitanitsa mpeni wa kukhitchini, naupukuta, nalidula okha.