Anandichotsa Sukulu Chifukwa cha Mimba Yopanda Mwana

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Esinati wa kwa Kuntumanji, ndili Sitandade 8. Pagulu mawu amanditha, n'chifukwa chake ndalemba. Ndikuuzeni za matenda amene anandichotsetsa sukulu ndi kundipatsa dzina la hule.

Nyanja ya Chilwa itaphwa, tinkamwa madzi a m'zitsime zokumba m'matope. Ndinayamba kutsegula m'mimba, nthawi zina magazi, koma manyazi anandiletsa kuuza munthu. Ndinaonda, mimba yokha n'kumatupa, makamaka kumanja. Kumwezi ndinasiya kupita. Zonsezi ndinkangozilemba m'kope langa.

Teremu iliyonse aphunzitsi athu, Mayi Namakhwa, ankatiika atsikana pamzere n'kumatidina mimba. Atafika pa ine ndinakuwa ndi ululu. Anasecha chikwama changa, napeza kope lija, naliwerenga mokweza m'kalasi, anyamata ali pomwepo.

"Wofatsa wathu uja ndi ameneyu," anatero. "Miyezi itatu osasamba. Tenga mabuku ako. Pano ndi pasukulu, sikelo ili kuchipatala."

Kunyumba amalume anandikwapula ndi nthambi ya bwemba kuti nditchule mwamuna. Ndinalibe womutchula, ndiye anakwapulanso. Amayi anangoima pakhomo. Kutchalitchi anandichotsa m'kwaya, kuchitsime amayi ena ankandifunsa ngati matewera ndasoka kale. Ndinapemphera mawu ochepa: Ambuye, Inu mumaona m'kati mwanga, onetsaniko munthu mmodzi yekha.

Amalume ananditengera kuchipatala cha mishoni panjinga. Sankafuna mankhwala, ankafuna kalata yokaimbira mlandu. Anamwino atandiyeza anati mwana mulibe, amalume n'kuyankha kuti akazi amabisirana. Choncho anatitumiza kwa Che Jafali, bambo wachisilamu woyeza matenda. Iwo anati ndipereke chimbudzi chikadali chofunda, chifukwa chikazizira chimene akufunacho chimasiya kuyenda. Anapaka pagalasi, nasuzumira m'makina awo, kenaka anakodola amalume.

"Bwerani, achimwene, mudzamuone mkamwini wanu. Koma munda sakulimirani ameneyu."

Amalume anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka Che Jafali anati nanenso ndione, thupi ndi langa. Ndinaona kanthu ngati dontho la phala, kopanda mutu, kopanda miyendo. Kankatulutsa mbali imodzi ngati chala, thupi lonse n'kutsatira. M'kati mwake munali timadontho tozungulira, ndipo anati ndi magazi anga amene kameza.

Anati dzina lake ndi amiba. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tosawerengeka, koma iko ndi kachipinda kamodzi basi. Sikapuma, mpweya umene umatipatsa ife moyo iko umakapweteka, n'chifukwa chake kamakhala m'matumbo. Kakafuna kutuluka kamadzikuta m'chikamba cholimba n'kudikira m'madzi mpaka wina amwe. Abale ake ena amangodzikhalira m'matope akuda onunkha a m'nyanja, osalakwira munthu. Anga anali atafika m'chiwindi n'kuyambitsa chithupsa cha mafinya. Tikanachedwa, chithupsacho chikanaphulikira m'kati.

Ndinagona m'chipatala masabata atatu, majekiseni ndi mapiritsi owawa. Potuluka, amalume anapalasa njinga mpaka kumudzi osanena pepani. Mayi Namakhwa anawerenga kalata ya dokotala chamumtima, nandilozera malo akumbuyo. Ndipo popeza mimba inaphwa, ena m'mudzi akuti ndinakataya mwana kuchipatala. Amayi akawamva amalowa m'nyumba.

Komabe ndikuyamika Mulungu. Ndinapempha munthu mmodzi, anandipatsa munthu amene ndinkaona ngati sangandidziwe, wa chipembedzo china. Ndili moyo, ndipo ndili m'kalasi. Iwe mtsikana mnzanga amene ukubisa matenda chifukwa cha manyazi, lankhula, ngakhale monong'ona. Akakunenera zabodza usavomere mlandu kuti chikoti chileke, pirira, Mulungu ali nayo mboni yako.

Mayeso ndilemba mwezi wamawa. Mundipempherere, masamu anandisiya kutali.