Chidindo cha Dokotala Wamkulu

— Halo?

— Halo, amalume? Ndine mwana wa achemwali anu.

— Aaa, Dokotala wathu! Nambala yachilendotu iyi.

— Ndabwereka foni ya mnzanga, yanga yatha moto. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera bwino, kaya iwe? Mayi ako mwendo uja?

— Akutsimphina, komabe akuyenda. Kunyumba onse ali bwanji?

— Onse ali bwino, kungoti ana chimfine.

— Pepani. Muli pamsewu?

— Ayi, ndaimika ambulansi kuseri kwa wodi, tikudikira mafuta. Nanga ntchito ija ya kufakitale ya mankhwala? Ine madalaivala anzanga atopa nane, ndikungokamba za iwe.

— Anandiimbira. Pa anthu mahandiredi atatu asankha awiri, ine ndi wina. Ntchito yake ndi yoyeza mapilitsi asanapite kumsika.

— Eee! Ndiye ukulankhuliranji ngati wafedwa?

— Akufuna laisensi pofika Lachisanu.

— Nanga vuto lili pati? Pita kubungwe lanu lija lopereka malaisensi ukatenge. Chaka chathunthu unagwira ulere kulabu kuno, magazi, makhololo, mikodzo ya anthu, ine kungoona nseru...

— Ndikuchokera komweko. Amalume, buku langa lija la pulakitiko. Tsiku lomwe mayi anagwa ndinakusiyirani, ndinati mukapereke kwa ndani?

— Kuti asaine abwana.

— Abwana ake ati?

— Halo? Netiweki ikudulatu kuno...

— Sikudula. Ndikukumvani bwinobwino.

— Unati akulabu aja, amagalasi. Koma tamvera kaye, iwe. Munthu uja ofesi yake ngati bafa, kachidindo kake ngati batani la malaya. Ine tsiku limenelo ndinanyamula dokotala wamkulu, wa maopaleshoni mwiniwake. Ndinati ayi, mwana wathu asainiridwe ndi mutu weniweni. Anasaina pa boneti pomwepo, tsamba lililonse, osanyinyirika. Chidindo chake unachiona?

— Ndachiona lero. Munandipatsa mu envulopu yomata, nanenso kupusa, sindinatsegule.

— Ndiye?

— Kubungwe kuja bukulo alikana.

— Alikana? Chidindo cha munthu ameneyo? Akumudziwa koma?

— Akuti wosaina ayenera kukhala walabu, amene ankandiona ndi maso ake ndikugwira ntchito. Dokotala wanuyo sanapondepo mulabu muja ngakhale tsiku limodzi. Mayi wapakauntala wachita kundifunsa pagulu ngati siginecha ndinagula. Manyazi ake, amalume, ndinangofuna nthaka indimeze.

— Zamwano zimenezo! Basi, bweretsa bukulo mawa, ndipita nalo kwa amagalasi aja asaine m'munsi mwake, nkhani yatha.

— Amalume.

— Chiyani?

— Amagalasi ake ati?

— Mayo ine... Ndinawanyamula ndekha mwezi watha, kupita nawo kumochale.

— Ndipo kulabu kuja laisensi anali nayo ndi iwo okha. Akuti ndiyambirenso chaka china. Malo a pulakitiko, mzere wake ndi wa zaka ziwiri.

— Akufakitale sangadikire? Uwachonderere.

— Ndawaimbira. Akuti amene ananditsatira pamayeso laisensi ali nayo kale m'manja.

— Ayi, koma sukulu yonse ija? Penapake pakutsegukira.

— Kuti? M'kalasi mwathu tinalimo fote. Wina akugulitsa machaja, wina akuimbitsa ana nyimbo kusukulu ya mkaka. Amene ankatiposa tonse akuyenda ndi chikwama m'mashopu, kutsatsa mankhwala a chifuwa. Ine ndimati ndapulumuka. Ndatopa, amalume. Mtima ukundiwawa, ndipo kulira komwe kwandikanika.

— Dikira. Ndilankhula ndi dokotala wamkulu, alembe kalata yamphamvu, kapena tipite kwa wamkulu wa chipatala chonse...

— Chonde, chonde. Musapitenso kwa wamkulu wina aliyense.

— Ndinkati ndikukonzera, mwana wanga.

— Ndikudziwa.

— Nditukwane bwanji? Bola unditukwane.

— Zithandiza chiyani? Madzi akatayika saoleka.

— Mayi ako wawauza?

— Ayi. Asita kale gauni yanga yoyera, aipachika pachitseko kuti isakwinyike. Aliyense wolowa m'nyumba akumuonetsa.

— Uwauze kuti ndine. Uwauze kuti mlongo wawo ndi chitsiru.

— Sindingathe. M'mawa uliwonse popemphera amatchula inu. Amati pa abale onse, amene anamugwira dzanja mwana wanga ndi mmodzi yekha.

— Iiih...

— Ndingonena kuti ndinalephera intavyu.

— Ayi! Usadzinamizire iwe, sunalephere kanthu. Ndibwera ndekha Loweruka, ndidza...

— Mayunitsi akutha, foni ndi ya eni. Tsalani bwino, amalume. Mupereke moni kwa ana.

— Dikira kaye, ndikuimbire ine! Halo? Halo?