Mesenjala Wobweza Mtsinje

Kalelo, anthu akadasiya makasu m'munda kukaona sitima pa Golomoti, dera lathu lino linali ndi khonsolo yakeyake, kaofesi ka malata ndi bwalo la milandu, ndipo mesenjala wake, musaseke adzukulu, ndinali ine. Lero mumaitanizana pa foni, koma nthawi imeneyo foni inali miyendo yangayi, kabudula wa khaki ndi chipewa chimene sindinkavula ngakhale popita kokadzithandiza.

Malire athu ndi dera la anzathu anali kamtsinje ka mchenga, ndipo lamulo linkati mesenjala azikhala m'dera lake. Chaka china madzi anatsika kumapiri ndi ukali, mtsinje n'kusiya njira yake, n'kudzera kuseri kwa nyumba yathu. Ndinangopezeka ndili kutsidya, chonsecho sindinasunthe phazi.

Akalaliki a khonsolo anati, "Bambo, samukani, apo ayi bwezani chipewa."

Paja ine ndinali mkamwini, ndiye ndinakanyengerera agogo anu. Iwo osasiya n'kusinja komwe, anangoti, "Malo ano ndi a amayi anga. Inu pitani, chipewacho chizikakuphikirani."

Mtima unandiwawa, pakuti zonse ziwiri ndinkazifuna. Ndiye nzeru zanga zija zinabwera: mtsinjewo ndiwo usamuke, ubwerere m'njira yake yakale! Ndinauza amuna a m'mudzi kuti madzi saiwala khwawa, angofunika kuwakumbutsa, ndipo agogo anu anafulula mowa wa dima uku akuseka. Tinakumba, tinatchinga ndi nthambi, ine ndikuloza uku ndi uku ngati injiniya. Mvula itabweranso madzi anakumbukadi khwawa lakale, koma latsopano osalisiya, ndipo nyumba yathu inatsala pachilumba, yopanda dera.

Akuluakulu akadakangana kuti ndine wa kuti, mawu anafika akuti boma lathetsa timakhonsolo timeneti, madera awiriwo lawaphatikiza. Ndipo woyenda m'midzi kulengeza kuti ntchito ya mesenjala yatha anali ndani? Ine ndemwe. Ndinalira, sindibisa, ndipo pobwerera ndinawoloka madzi a m'chiuno n'kupeza agogo anu atanditenthetsera madzi osamba.

Choncho ana inu, malire a boma amalembedwa lero n'kufufutidwa mawa, musadzasiye munthu wanu chifukwa cha iwo. Ndikanamvera akalaliki aja, inuyo bwenzi mutabadwa kwa yani?