Polishi wa Nsapato ndi Mfuti ya Mayi Lorene

Mayi Lorene Kettleson atapita kukacheza kwa mng'ono wawo ku Lewistown, amuna awo a Orval anaganiza zowakonzera mobisa mfuti ya chipolopolo chimodzi imene mayiwo anasiyiridwa ndi malemu bambo awo, chifukwa thabwa logwirira la kunsi kwa mpope wotulukira chipolopolo linali litapindika ndipo zipolopolo zinkamwazika. Chilolezo chosaka nkhosa ya m'mapiri, chimene mayiwo anachidikira kuyambira ali mtsikana, chinali chitawagwera pa mayere, ulenje n'kuyamba Loweruka; motero Lachinayi m'mawa a Orval ndi mkamwini wawo Wendell, wogulitsa mankhwala m'tauni, anaima m'galaja maso ali pa mfutiyo.

"Guluu wauma," anatero a Orval. "Masula sikuluwu, thabwa lichoke. Uona mmene mpope wadzidindira pogona pake muguluumo, ndendende."

Wendell anamasula. Thabwa silinasunthe.

"Koka."

"Ndikukoka, bambo."

"Ukukoka ngati ukutsegula botolo la mankhwala a chifuwa. Bwera nayo kuno."

A Orval anapana mfuti m'khwapa n'kukoka mpaka khosi linafiira. Anaisiya patebulo pang'onopang'ono.

"Lagwira bwino," anatero.

"Kwambiri," anavomera Wendell, amene sankakonda kutsutsa akuluakulu pa zinthu zoona. "Bambo, kodi kutalika kwanu ndi kotani?"

"Kwakukhudza chiyani kutalika kwanga? Tandiuza zadzulo. Ng'ombe zitathyola mpanda, ine n'kuthamangira kumeneko, iwe unachita chiyani?"

"Zimene munanena. Ndinathira guluu mungalande ya thabwa, ndinagoneka mpope, ndinamanga sikuluwu."

"Nanga polishi?"

"Sindinaiwale."

"Eya! Ndiye bwanji lakanirira? Unapaka wochepa?"

"Ndinapaka kawiri. Ndi bulashi yemwe."

"Bulashi?"

Wendell analoza pakhomo. Pamenepo panali nsapato za a Orval zitandandalikidwa pamzere: zakutchalitchi, zaulenje, ngakhale majombo a kukhola, zonse zikuwala ngati za asilikali.

A Orval anaziyang'ana n'kutembenukira kwa mkamwini wawo.

"Iwe Wendell."

"Wawa, bambo."

"Polishi amapakidwa pa mpope. Pa chitsulo! Kuti guluu agwire thabwa lokha, chitsulo chiterereke. Mwana aliyense m'chigwa muno akudziwa zimenezi."

"Munangoti, 'Usaiwale polishi wa nsapato,' muli kale pakhomo. Pachitini pajambulidwa nsapato. Ndinayang'ana mbali zonse, mfuti palibe."

"Ndiye m'kati mwa ntchito ya mfuti ine ndingakutume nsapato?"

"Inenso ndinadabwa. Koma tsiku la ukwati wanga munandiuza kuti m'galaja muno safunsa mafunso."

"Sindinalakwe kunena zimenezo."

"Sindikuti munalakwa."

A Orval anatenga kapepala kuti akalowetse pakati pa mpope ndi thabwa, monga amachitira aliyense wofuna kuona ngati mpope sukukhudza thabwa. Kapepala kanangopindika osalowa. Anatenga hamala ya labala.

"Thabwalo anasema ndi malemu, bambo," anatero Wendell.

"Ndikudziwa amene anasema!"

Anagogoda kamodzi. Kachiwiri. Kachitatu panamveka kaphokoso kakang'ono, the! Onse awiri anaima osapuma.

"Ndi denga," anatero a Orval.

"Denga lili kumwamba, bambo. Izi zamvekera m'manja mwanu."

"Ndati ndi denga."

Hamala inabwerera pamsomali. A Orval anayamba kuyendayenda, manja kumbuyo. Wendell anatulutsa tepi yoyezera m'thumba n'kumawatsatira mwaulemu.

"Tamvera. Mwina Lorene sachotsa thabwali. Tingomanga sikuluwu, tiibwezere m'kabati, basi."

"Amayi amalichotsa madzulo aliwonse akakhala ku ulenje, kuti apukute chinyezi. Munadandaula nokha pa Khirisimasi kuti mfuti amaisamala kuposa inu."

"Ndiye tinena kuti ndi dzimbiri."

"Dzimbiri siligwira thabwa."

"La kuno ku Montana limagwira! Kodi ukutani kumsana kwangako?"

"Ndikuyeza mapewa. Musasunthe."

"Chotsa chinthu chakocho! Nkhosa imeneyi mkazi wanga waidikira moyo wonse. Chipolopolo chimodzi, mwayi umodzi. Akaphonya chifukwa cha mfuti, kapena akaona thabwa la bambo ake litang'aluka, ine ndikagona kukhola mpaka chisanu chithe. Ukumva?"

"Kukhola ayi," anatero Wendell motsimikiza.

A Orval sanamumve. Anaima mwadzidzidzi n'kuomba m'manja.

"Firiji! Iwe, firiji ya nyama! Chitsulo chikazizira chimakhwinyata, guluu n'kuleka yekha. Pofika mawa tigogoda pang'ono, thabwa lichoka. Lorene akubwera mawa madzulo, sadziwa kanthu. Waona ubwino wa kukhalitsa padziko? Tulutsa nyama yonse, mfuti ikwane."

"Ndatulutsa kale."

"Watani?"

Wendell anatsegula firiji yaikulu ija yooneka ngati bokosi. M'kati munali mbee, mutatsala mpweya wozizira wokha.

"Nyama ili mufiriji ya aneba anu a Tollefson. Ndawapatsa mwendo umodzi wothokoza."

"Mwendo wanga wa gwape?" anafunsa a Orval. "Chabwino, tidzakamba. Komabe nzeru ya firiji waitenga kuti, iwe wosadziwa ngakhale ntchito ya polishi?"

"Kwa amayi."

"Amayi ati?"

"Akazi anu. Ndinawaimbira dzulo."

A Orval anakhala pansi pa thumba la mchere wa ng'ombe.

"Ndinakuuza kuti usawauze za mfuti."

"Za mfuti sindinatchule, bambo, ngakhale liwu limodzi. Ndinangofunsa ngati polishi wopanda mtundu amapakanso nsapato zakuda."

"Ndiye?"

"Anafunsa amene wanditumiza polishi. Ndinati inu. Anafunsa ngati manja anga akununkha guluu. Ndinanunkhiza, ndinati eya."

"Mayo ine."

"Ndimayesa foni yaduka. Kenako anati, 'Wendell mwana wanga, tulutsa nyama mufiriji. Mawa akakoka, akagogoda, akanamizira denga, adzakumbukira firiji yekha, monga anachitira ndi mfuti ya mlongo wanga.'"

"Imene ija inali nkhani ina! Guluu wake anali wachikale."

"Anati mudzatero."

A Orval anaimirira, anakulunga mfuti m'bulangete mosamala ngati khanda, n'kuigoneka m'mbali mwa firiji. Anayang'ana malo aakulu otsalawo n'kukwinya nkhope.

"Nanga unatulutsiranji nyama yonse? Mfuti yangotenga kambali kokha."

"Amayi anati thabwa likachoka lili lathunthu, nyama ibwerere. Likapezeka ndi mng'alu, malo otsalawo ndi anu."

"Amaseka, iwe!"

"Sanaseke, bambo. Ndinamvetsera bwino." Wendell anayang'ana tepi yake, kenako firiji, n'kugwedeza mutu mokhutira. "Koma musade nkhawa. Mukapinda mawondo, mukwana."