Manda Awiri a Amuna Anga

Inu aulutsi, ndiwerengereniko kalata iyi, mwina opanga malamulo ku Lusaka angaimve.

Ndine mayi wamasiye wa ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue. Amuna anga anachoka ku Malawi ali mnyamata, nagwira ntchito ku fakitale mpaka pamene mafakitale anayamba kugulitsidwa, iwo n'kuchotsedwa. Zaka zonsezo ankasonkha ku kabungwe ka maliro ka anthu akwathu. Pangano linali limodzi: ukamwalira, bungwe limagula bokosi n'kupeza galimoto, ukagone kumudzi pafupi ndi makolo ako.

Atamwalira, ndinatumiza uthenga kumudzi kuti thupi likubwera, ndipo ndinapita kwa ba tcheyamani a bungwe. Sanandiyang'ane kumaso.

"Mlamu, ndalama ilipo, koma banki yakana kutipatsa. Akuti lamulo la inshuwalansi lasintha, tikalembetse ngati kampani."

"Ndiye kalembetseni! Mnzanu ali ku mochale!"

"Akufuna ofesi ndi chikole chachikulu. Malova ngati ife tizitenga kuti?"

"Nanga osangogawana bwanji?"

"Nakonso akuti mpaka tilembetse."

Amuna anga tinawaika konkuno ku Kafue, m'bokosi lomwe anzawo anakhoma okha. Kumudzi anali atakumba kale manda. Poti dzenje silikwiriridwa lopanda kanthu, apongozi anga anaikamo thunthu la nthochi.

Mpaka lero ndimasonkhabe mwezi ndi mwezi. Ndikaleka, dzina langa lifufutidwa, ndipo thukuta la amuna anga lipita pachabe. Ndikapitiriza, ndikuthira madzi m'dengu.

Inu olemba malamulo, ife sitinafune kukhala kampani. Tinkangofuna galimoto yopita kwathu.