Mphepo ya m'Mimba mwa Mayi Zagorka

Mayi Zagorka a mumzinda wa Niš anali atathawa kawiri opaleshoni yochotsa chotupa m'chiberekero, ndipo magazi anali kuwathera m'thupi. Tsiku limeneli dokotala wawo, Isidora, mtsikana woyembekezera amene amayankha funso lililonse ngati ali pamayeso, anawatsekera chitseko kuti asankhe basi.

“Njira zilipo ziwiri,” anatero Isidora. “Yoyamba, ndiboola timabowo titatu pamimba, ndilowetsa zida n'kuzigwira ndi manja anga. Yachiwiri, timabowo tinayi, zida igwira ndi loboti.”

“Mabowowo mbali imodzi?”

“Ayi, uku ndi uku.”

Mayi Zagorka anagwira mpango wawo. Munthu woti sanatsegulepo mazenera awiri nthawi imodzi chibadwire poopa kuti mphepo yodutsa imadwalitsa, lero amutsegule anayi pamimba!

“Mwanawe, ukufuna mphepo izidutsa mwa ine? Mlamu wanga inamupinda khosi m'basi!”

“Siidutsa, mayi. Timaipopera dala kuti mimba ifufume.”

“Mayo ine! Mumachita kuipopera?”

“Pa njira zonse ziwiri.”

“Basi, chikhale chotupacho. Tazolowerana.”

“Sichinakuzolowereni, chikukula.”

Mayi Zagorka mantha anali nawodi. Kenaka anafunsa motsitsa mawu: “Nanga loboti ikamandibaya, iwe uli kuti?”

“Pakona, nditakhala pampando, mutu ndauzika m'makina.”

“Wandifulatira?”

“Pang'ono. Koma loboti siganiza. Ndimaiyendetsa ndi zala ndi mapazi, n'chifukwa chake ndimavula nsapato.”

“Umavula chiyani?”

“Nsapato.”

“Pasimenti pozizira paja? Ndi pathupi pamenepo? Iwe dokotala wa azimayi, sukudziwa kuti chisanu chimalowera kumapazi n'kukafika kuchiberekero?”

“Zimenezo m'mabuku mulibe.”

“Mabuku anaberekapo?”

“Ayi.”

“Ehe! Ndiye ndasankha ya manja. Uvale nsapato.”

“Chabwino. Ndiimirira maola atatu nditawerama.”

“Kuimirira? Miyezi ingati imeneyo?”

“Isanu ndi iwiri.”

Mayi Zagorka anamenya tebulo. “Ndani wakuloleza? Amayi ako akudziwa? Ukhala pampando, wamva? Loboti!”

Isidora anatola cholembera msangamsanga. “Loboti, Lolemba m'mawa. Koma kunena zoona, kwa inu njira zonsezi n'zabwino mofanana.”

“Ndani akunena za ine? Taonetsa phazi.”

Dokotala, osadziwa kukana, anatukula phazi. Mayi aja analiyeza ndi chikhatho, akupukusa mutu ngati aona matenda aakulu.

“Ndikulukira masokosi a ubweya wa nkhosa. Lolemba musanandigoneke tulo ndidzaone uli nawo kumapazi.”

“Ndiye mubweradi? Simuthawanso?”

“Ndithawe bwanji? Wodwala wanga ndimusiyire ndani?”